Ndege si minibasi, siidikira munthu

Kwaya kapena banja la ku Neno likamapita ku Joni pandege, ulendo wa m'mwamba ndiye wophweka: kuchoka pa Chileka kukatera pa OR Tambo ndi maola awiri ndi kakuti. Chovuta n'kufika pa Chilekapo. Mvula ikagwa, matope a kumtunda kwa Dambe amadya m'mawa wonse musanaone n'komwe Zalewa. Ndiye kagoneni ku Blantyre dzulo lake, nonse pamodzi.

Pabwalo fikani kudakali maola atatu. Sankhaniratu mtsogoleri wowerenga anthu, amenenso aonetsetse kuti dzina la pa tikiti likufanana ndi la m'pasipoti. Kusiyana kwa dzina kukhoza kutsalitsa mnzanu, ndalama zake n'kulowa m'madzi. Pasipoti aliyense asunge yake. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja, mabotolo opitirira 100 ml alowe m'sutikesi.

Nanga manachesi ndi mbatatesi zimene agogo akumangirani? Dyerani konkuno, chifukwa ku South Africa zokolola zaziwisi sizilowa popanda chilolezo.

Ndipo uja amachedwa ku mwambo uliwonse, muuziretuni: ndege ilibe kondakitala womunyengerera.