MAGETSI AKAZIMA MU LUSAKA, MITENGO IGWA KUMUDZI

Anthu ambiri a m'midzi amaganiza kuti mbale wao wokhala mu Lusaka alibe bvuto la moto, popeza m'nyumba mwace muli magetsi. Zimene zinacitika m'caka ca 2024 zaonetsa kuti nkhani siili tero.

Magetsi ambiri a dziko la Zambia, kupitirira magawo 80 pa 100 alionse, amacokera ku madzi. Makina akulu ali ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikacepa, madzi ozunguza makinawo amacepanso. Cilala ca dzinja la 2023 mpaka 2024 cinakula kotero kuti pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pofika mwezi wa September, kampani ya ZESCO inali kuzima magetsi kwa maola oposa 20 pa tsiku m'malo ambiri. Ndipo bungwe la ERB linalola mitengo yapadera ya magetsi kuyambira mu November, kuti papezeke ndalama zogulira magetsi ena kunja kwa dziko.

Tsono banja la ku Matero, Chawama kapena Mtendere linalipira kawiri. Linagula mayuniti a magetsi pasadakhale, monga mwa masiku onse. Koma nthawi yophika nsima ikakwana, citofu cinali cozizira, ndipo mai anatulutsa mbaula. Panafunika ndalama zina za makala, za makandulo, ndi za ndiwo za tsiku ndi tsiku, popeza nyama inali kuonongeka mu filiji. Wometa tsitsi ndi wowocerera zitsulo anakhala manja lende. Cotero ndalama ya feteleza imene makolo anali kuyembekeza kumudzi inacepa, kapena sinafike konse.

Apa ndi pamene nkhani ya m'tauni ifikira mlimi. Makala a mu Lusaka sapangidwa mu Lusaka. Aliyense woyenda pa mseu wa Great East amaona matumba ali ndandanda ku Chongwe, Rufunsa ndi Nyimba. Mlimi amene cimanga cace capsa ndi dzuwa sangadzudzulidwe msanga akatenga nkhwangwa, pakuti ana afuna cakudya. Komabe phindu lalikulu limatsala kwa mwini lole ndi wogulitsa pa msika, pamene mudzi utsala ndi zitsa. Nkhalango ikatha, nthaka imakokoloka, timitsinje timauma msanga, ndipo uci, bowa ndi masuku zimasowa.

Kuonjeza madamu pakokha sikungathetse bvutoli. Makina atsopano a Kafue Gorge Lower anatha kumangidwa mu 2023, koma naonso adalira mvula imodzimodziyo. N'cifukwa cace maso atembenukira ku malasha a pansi a ku Maamba, amene apereka magetsi kuyambira 2016, ndi ku magetsi a dzuwa, monga a ku Chisamba amene anatsegulidwa mu 2025. Magetsi akamayaka nthawi yophika, mbaula idzapumula.

Pakali pano mafumu, manduna ndi anthu ao ali ndi mbali yao.  Lamulo la nkhalango la 2015 lilola anthu a m'mudzi kupanga gulu lolembetsedwa losamalira nkhalango yao ndi kupindula nayo. Mudzi wocita zimenezi ungathe kugwirizana za malo odula, kuleka zitsa ziphukire, ndi kukaniza alendo obwera ndi malole usiku. Thumba la makala limatha m'masabata ocepa, koma mtengo wa msuku utenga zaka zambiri kuti ubalenso.