Mwana wa mnzako akagona pakhonde la sitolo

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Makolo ankanena mawuwa m'mudzi momwe mwana wamasiye ankadziwa khomo la amalume ake. Mu Blantyre muno mwambiwu umatithawa pamaloboti, pomwe timakweza galasi la galimoto mwana akangotambasula dzanja kuti, "Bwana, ya chakudya."

Masana ana masikini amapeza chochita: kunyamulira anthu katundu mumsika wa Limbe, kulondera magalimoto, kutola mabotolo. Chovuta ndi usiku. Amayala makatoni m'makonde a masitolo ndi pansi pa milatho ya mtsinje wa Mudi, ndipo chiperoni chikagwa mu June ndi July amaotha moto wa mapulasitiki, utsi wake kutsamwitsa. Wamng'ono amapereka zomwe wapempha kwa wamkulu kuti agone osamenyedwa. Zomwe amaona atsikana n'zosakambika.

Ife yankho lathu lakhala galimoto ya polisi. Kale munthu ankagwidwa vakabu chifukwa chongopezeka panja usiku. Mu 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha akupita kukachita malonda ake ku Limbe. Anakamang'ala, ndipo mu January 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lokhudza vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Komabe mtima wofuna kungosesa anthu m'misewu sunatichoke. Mwana mukamugwira lero n'kumubweza komwe anathawa njala kapena chikwapu cha bambo omupeza, sabata isanathe mumupezanso pakhonde lomwe lija.

Amene amadandaula kuti ena mwa anawa amatsomphola mafoni ndi zikwama sakunama, ndipo mantha awo ndi oona. Koma kuongola mtengo m'poyamba. Mnyamata wolanda foniyo anakhala zaka akupempha ali wamng'ono, tonse tikumudutsa.

Mabungwe monga Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust akhala akugwira ntchito yofuna kudekha: kucheza ndi mwana mpaka akhulupirire munthu, kufufuza abale ake, kuwayanjanitsa, kumubwezera kusukulu, kenako kumakamuzonda. Ntchito imeneyi si ya mabungwe okha ayi. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limapereka udindo woteteza ana kwa makhonsolo. Udindowo uoneke mu bajeti: alangizi oona za chisamaliro cha anthu apatsidwe mafuta okafikira kumidzi kwa anawa, ndipo ku Limbe ndi pakati pa Blantyre pakhale nyumba zotsegula usiku, zokhala ndi bulangete, madzi osamba ndi munthu wamkulu wodalirika pakhomo.