Kagetsi ka ABS kakamayaka n'kuzima, musathamangire kugula pampu

Galimoto zambiri zomwe zimatinyamulira katundu kuno ku Mchinji zinafika m'dziko muno zitakalamba kale. Ma Probox, ma Sienta ndi ma Hiace omwe timakwezamo mtedza ndi soya pa Kamwendo, pa Kapiri ngakhale pa Boma anayamba agwira ntchito ku Japan, kenaka n'kutsikira padoko la Dar es Salaam kudzayambanso moyo wina pamisewu yathu. Probox inayamba kupangidwa mu 2002, Sienta mu 2003, ndiye zina mwa izo zadutsa zaka 20. Galimoto ya msinkhu umenewu sisowa chodandaula, ndipo dandaulo limodzi lofala ndi la kagetsi kachikasu kolembedwa ABS padashibodi. Lero kayaka, mawa kazima, mkuja kayakanso mutangogunda dzenje.

Eni galimoto ambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amauza mnyamata wa zamagetsi kuti achotse babu kapena amatepo tepi yakuda, nkhani ithere pomwepo. Ena amamvera makaniko woyamba amene wanena kuti pampu ya ABS yafa, n'kutumiza ndalama ku Lilongwe kapena ku Chipata kuti akawagulire ina. Ine ndikuti onsewa akutaya ndalama ya geni. Ndalama yoyamba ipite kwa munthu wofufuza vuto. Kugula chitsulo kubwere pambuyo, vuto litadziwika ndi dzina lake.

Tiyambe ndi ntchito ya chinthuchi, poti ambiri timangochidziwa ndi zilembo zitatuzo. Mukaponda mabuleki mwadzidzidzi, tayala limatha kuuma osazunguliranso, n'kumangokhukhuluzika pamsewu. Tayala louma silimvera chiwongolero, galimoto imangopita komwe yaloza. ABS imaletsa zimenezi. Patayala lililonse pali sensa yomwe imawerenga liwiro lake, ndipo kakompyuta kakaona kuti tayala lina likuuma kamamasula buleki n'kuigwiranso kangapo pa sekondi imodzi. Kunjenjemera komwe mumamva kuphazi pamsewu woterera ndi kumeneko. Kampani ya Bosch inayamba kuika makinawa mu Mercedes-Benz mu 1978, koma lero ali ngakhale m'galimoto za mavenda.

Kagetsi kakayaka muli paulendo, tanthauzo lake n'lakuti kakompyuta kaona china chake chomwe sikakuchikhulupirira ndipo kazimitsa ABS. Mabuleki wamba amakhala alipo, galimoto imaima ndithu. N'chifukwa chake madalaivala amati palibe chasintha. Zoonadi palibe chimasintha mpaka tsiku lomwe mvula yawaza paphula la M12, inu mwadzaza matumba mukuthamangira msika wa ku Lilongwe, wakabaza n'kudula msewu pa Waliranji. Pamenepo mumafuna kuponda buleki uku mukukhotetsa, ndipo popanda ABS chimodzi mwa ziwirizi chimakanika.

Alipo madalaivala a misewu ya kumudzi omwe amati ABS ndi yosokoneza padothi, ndipo sakunama kwenikweni. Pamchenga kapena pamiyala yomwazika, galimoto ya ABS imatha kutenga mtunda wotalikirapo kuti iime, chifukwa tayala louma limaunjika dothi kutsogolo kwake n'kudzitchinga lokha. Koma kodi ulendo wanu wonse ndi wapadothi? Kuchoka pa Boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 100 aphula, ndipo liwiro lalikulu limathamangidwa kumeneko.

Tsono vuto loyaka n'kuzima limafufuzidwa bwanji? Apa amalonda tili ndi luso lomwe makaniko alibe, la kusunga kabuku. Momwe mumalembera amene watenga ndowa ya chimanga pangongole, lembaninso kagetsika kwa sabata imodzi. Kayaka nthawi yanji? Galimoto itangolira m'mawa, kapena mutayenda kale? Mukukhota, mutagunda dzenje, mutawoloka madzi, kapena usiku mutayatsa magetsi onse? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kabuku kameneka kamadula theka la ntchito ya kugalaja, chifukwa chizindikiro chilichonse chimaloza kwake.

Kakamayaka poliza galimoto m'mawa kapena usiku mutayatsa magetsi, wayilesi ndi mawaipa, yambani ndi batire. ABS sigwira ntchito mphamvu ya magetsi ikatsika. Onani ngati mitu ya batire yamangidwa zolimba komanso ngati ilibe zoyerayera zija. Woyeza ndi mita apeze ma voti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira. Zikachepera apa, nkhani ndi ya batire kapena altaneta, pampu ilibe mlandu.

Kakamayaka pokhota kapena pamabampu, kaikirani waya wa sensa. Waya wa matayala a kutsogolo amapindika nthawi iliyonse mukatembenuza chiwongolero, ndipo patapita zaka zambiri amaduka m'kati pomwe chikopa chake chakunja chikuoneka chabwinobwino. Akakhudzana kagetsi kazima, akalekana kayaka. Nthawi zina waya amakhala wasiyidwa lendelende ndi amene anasintha mashoka, n'kumakhulana ndi tayala. Kakamayaka m'dzinja mokha, mutadutsa m'matope, ndiye madzi alowa polumikizira kapena sensa yakutidwa ndi matope ndi tizitsulo tomwe maginito ake amakoka. Kuchotsa tayala, kupukuta ndi kuumitsa ndi ntchito ya ola limodzi.

Pali zifukwa zina ziwiri zomwe timadziitanira tokha chifukwa cha mmene timachitira geni.

Choyamba ndi matayala a kaunjika. Tayala likaphulika panjira timagula lomwe lapezeka, bola likwane pa limu. Koma tayala laling'ono limazungulira mofulumira kuposa anzake, ndipo kakompyuta kamaona ngati sensa imodzi ikunama. Werengani manambala a m'mbali mwa matayala onse anayi. Ngati atatu alembedwa 175/70 R14 ndipo limodzi lalembedwa zosiyana kwambiri, mwina vuto lanu ndi lomwelo.

Chachiwiri ndi kulemetsa. Probox inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 400, omwe ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Tinene zoona, ndani wa ife amaimira pa matumba 8 nyengo ya soya? Kulemera kumadya mabelingi, ndipo belingi ikayamba kugwedera mpata wa pakati pa sensa ndi mphete yomwe imawerengayo umasinthasintha. Kagetsi kotere kakukuchenjezani za belingi, chinthu choopsa kuposa ABS yeniyeniyo. Kwezani galimoto pa jeki, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likamagogoda kapena ngati mumamva kulira kwa "wuuu" komwe kumakula ndi liwiro, musazengereze.

Muonenso ngati kagetsi kanayamba galimoto itangochoka kugalaja. CV joint yogula motchipa imatha kubwera ndi mphete ya mano osafanana chiwerengero ndi yakale, kapena yopanda mphete n'komwe. Mabelingi ena ali ndi maginito mbali imodzi yokha, ndipo akaikidwa chotembenuza sensa siona kanthu. Apa bwererani kwa amene anagwira ntchitoyo musanalipire wina.

Kunena za kompyuta ya kugalaja, si kachipangizo kalikonse kolumikiza kufoni komwe kamawerenga ABS. Tambiri totchipa timawerenga injini yokha, ndiye munthu amakuuzani kuti sanapeze kanthu pomwe sanayang'ane n'komwe. Funsani musanalipire ngati makina ake amalowa mu ABS. Ubwino wake ngwakuti kakompyuta ka galimoto kamasunga vuto ngakhale kagetsi katazima. Pa Toyota, C0200 ndi tayala lakutsogolo kumanja, C0205 lakutsogolo kumanzere, C0210 lakumbuyo kumanja, C0215 lakumbuyo kumanzere, pomwe C1241 ndi mphamvu ya magetsi. Pa ma Toyota akale makaniko wodziwa amatha kulumikiza timabowo tiwiri ta posokera kompyuta ndi kawaya, kagetsi n'kuphethira manambala, 31 mpaka 34 ya matayala ndi 41 ya batire. Izi musiyireni iye, kulakwitsa bowo kumaotcha zinthu.

Ndipo musalole kuti nambala ifufutidwe musanailembe m'kabuku. Kufufuta si kukonza. Alipo omwe amafufuta, kagetsi n'kuzima, inu n'kulipira mukusekerera, kenaka kayakanso musanafike pa boda ya Mwami. Nambalayo imangoloza tayala, sinena kuti sensa yafa. Makaniko wabwino amayenda nayo galimoto akuyang'ana liwiro la matayala onse anayi pamakina, kapena amagwedeza waya kuti aone pomwe pakuduka.

Pampu ndi kakompyuta kake zimafa ndithu, sindikukana. Koma zimenezi zikhale zomaliza pamndandanda, makamaka pano pomwe mitengo ya masipeya yakwera kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pampu yomwe mungagule nayonso ndi yochotsa m'galimoto ina yakale, kawirikawiri yosabwezeka mukatuluka nayo m'shopu, ndipo ngati nambala yake sifanana ndi yanu sigwira. Ndalama imeneyo ndi mpamba wa matumba angapo a mtedza.

Pali nthawi ziwiri zomwe kabuku sikafunikanso. Kagetsi ka ABS kakayaka pamodzi ndi kofiira ka mabuleki, handibuleki mutatsitsa, imani pomwepo muone mafuta a mabuleki. Akhoza kukhala akudontha, kapena makina ogawa mphamvu ya buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo asiya, ndipo galimoto yotere imatha kutembenuka mukaponda mwamphamvu. Chimodzimodzi ngati buleki ikunjenjemera kuphazi mukuima pang'onopang'ono pamsewu wouma. Apo ABS ikumasula buleki popanda chifukwa, ndipo mudzagunda kumbuyo kwa mnzanu pamsika.

Inu omwe mulibe galimoto koma mumachita hayala, kapena mwasunga ndalama za mbewu kuti mugule yanu chaka chino, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Khalani kutsogolo dalaivala asanalize. Akatembenuza kiyi, kagetsi ka ABS kayenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenaka n'kuzima kokha. Kakapanda kuyaka n'komwe pagalimoto yomwe inabwera ndi ABS, mwina wina anachotsa babu. Ngati mukugula, muuzeni mwiniwake kuti mupite nayo limodzi kwa wa kompyuta yemwe mwasankha inu musanayambe kukambirana mtengo.