Phungu si wogula mabokosi

Pamaliro ena amene ndidakakhuza posachedwapa, mwambo utafika pa mawu othokoza, mkulu wina adaimirira, nakonza kolala ya jekete lake, nayamba kutamanda phungu wa deralo chifukwa chogula bokosi, kupereka ufa ndi kutumiza galimoto yokatenga thupi kuchipatala. Ndipo pomaliza adanenetsa kuti chiyambire dziko lino sipadaonekepo phungu wotere. Anamfedwa adathokoza monga kuyenera, pakuti wokugwira dzanja pa tsiku la misozi saiwalika. Koma mawu otsirizawo adandiwawa, chifukwa ambiri mwa ife tidakhala pansi pa mtengo paja tidali ndi K200 m'thumba, ndipo pa ndalama imeneyo pali nkhope ya phungu amene ntchito yake idaposa bokosi kutalitali.

Phungu ameneyu ndi Mayi Rose Chibambo, amene adabadwira ku Kafukule, m'boma la Mzimba, m'chaka cha 1928. Pamene azungu ankakonza zolumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya cha 1953, nthawi imene ndale zinkayesedwa bwalo la amuna okhaokha, mayi ameneyu, amene mwamuna wake adali pa ntchito ya boma, adayamba kusonkhanitsa akazi anzake, kuwauza kuti goli likagwera dziko silisankha khosi la mwamuna kapena la mkazi. Ndipo m'misonkhano yotere mudabadwa bungwe la amayi la chipani cha Congress. Bwanamkubwa Robert Armitage atalamula pa 3 Malichi 1959 kuti atsogoleri agwidwe, iyenso adatengedwa m'mwezi womwewo, ali ndi khanda la masiku owerengeka, nakakhala nalo m'ndende ku Zomba. Inu amene mudalerapo mwana wakhanda, mukudziwa za matewera, za kulira kwa pakati pa usiku ndi za kuzizira kwa m'mawa; tsono ganizirani zonsezo pa simenti ya ndende.

Pofika 1964, chaka cha ufulu wathu, adali phungu wa Mzimba South ndiponso wachiwiri kwa nduna, mkazi woyamba kufika pamenepo. Ulemerero umenewo sudakhalitse. Patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zidatsutsana ndi Dr. Kamuzu Banda pa nkhani ya ndalama ya tiki imene odwala adayenera kulipira m'zipatala, pa malipiro a antchito a boma, pa kuchedwa kupereka maudindo kwa eni dziko, ndi pa ubwenzi wake ndi Apwitikizi amene adali kulamulirabe Mozambique. Pa 7 Seputembala Dr. Banda adachotsa nduna Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Mayi Chibambo. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma masiku amenewo wotsina khutu adayesedwa mdani. Nyumba ya Malamulo itakumana ku Zomba, mayiyu adaimirira pakati pa amuna omusokosera, nadziyankhira yekha, ngakhale adadziwa kuti akadagwada ndi kupepesa mwina akadasunga mpando wake. Mphotho yake idali kuthawira ku Zambia, kumene adakhala pafupifupi zaka 30, kufikira 1994. Adamwalira mu 2016.

Tsono ndifunse, abale anga: kodi tidayamba liti kuyesa phungu ndi mabokosi? Timamtuma ku Lilongwe kuti akapange malamulo, akafunse kumene ndalama za misonkho zikupita, akatsutse nduna pamene mankhwala asowa kuchipatala. Koma ife eni ake tamsandutsa kalinde wa manda, ndipo tikamuona pamaliro tikhutira, osafunsa ngati adatsegulapo pakamwa m'Nyumba ija chaka chonse. Iye naye wazindikira kuti bokosi nlotsika mtengo kuposa kulimbana ndi akuluakulu a chipani chake. Chikhala mankhwala adalipo pachipatala, mabokosi ena sakadafunika nkomwe, ndipo palibe wa inu angandikanize zimenezi.

Apa ndibwerezanso dandaulo langa lakale, limene sindidzatopa nalo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ndi Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati wawataya. Ndipo aphungu, ataona kuti chikwapucho chili pafupi ndi misana yawo, adalifafaniza mu 1995. Gawo 65, loletsa kudumpha kuchoka m'chipani chimene chidakusankhitsa kupita ku china, lilipobe, koma tonse taona mmene lakhala likuzembedwera boma lililonse likasintha, aphungu namathamangira kumene kukufuka utsi. Amene adzabwere pakhomo panga kudzapempha voti ndidzamlandira mwaulemu, ndidzampatsa mpando ndi madzi akumwa, kenaka ndidzamfunsa ngati ali wokonzeka kukaimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi kupempha kuti Gawo 64 libwezeretsedwe.