Za Mbalame Zathu: Akhwangwala Awiri

Abale a kumidzi, sabata ino tikambe za khwangwala. Ambiri a inu mumati khwangwala ndi khwangwala basi, onse ngakuba anapiye. Koma m'dziko muno muli mitundu iwiri, ndipo nkwabwino kuti muzitha kuisiyanitsa.

Woyamba ndi uja mumamuona masiku onse pamsika, kudzala ndi pamene aphera ng'ombe. Pachifuwa pake mpoyera, ndipo kuyerako kwazungulira khosi lonse. Ameneyu atsata anthu: kumene kwamangidwa mudzi, iyenso wafika. Chisa amamanga pamwamba pa mtengo wautali, ngakhale pa mzati wa magetsi, naikira mazira 3 kufikira 6. Apezeka kuyambira ku Senegal mpaka ku South Africa, ndi pa chilumba cha Madagascar pomwe. Zoti angathe, musade nazo nkhawa.

Wachiwiri ngwa kumapiri. Inu a ku Mulanje, ku Zomba, ku Dedza ndi ku Nyika mumdziwa. Ngokulirapo, pachifuwa pali bii, ndipo choyera chili kumbuyo kwa khosi kokha. Mlomo wake ngonenepa, wopindika, woyera kunsonga. Nzeru ali nazo: akapeza fulu amauluka naye m'mwamba namgwetsera pamwala kuti chigoba chisweke. Iyeyu kwawo nkum'mawa ndi kumwera kwa Africa kokha, kuchokera ku Uganda ndi ku Kenya kutsikira ku Cape. Chisa amamanga pathanthwe la kuphompho, ndipo malo otere saapeza paliponse.

Akatswiri a mbalame ati onse awiri sali pafupi kutha, koma wa kumapiriyu akucheperachepera. China chomupha ndi chiphe. Munthu akakwiya ndi fisi kapena ndi khwangwala wa pamudzi, amathira mankhwala a mbewu panyama naitaya kutchire. Nanga nyama yakufa imasankha woidya? Wa kumapiri amatera pomwepo, miimba nayonso, kenaka galu wa mnansi wanu. Mchitidwe umenewu ngoipa ndithu, ndiponso anapiye suwapulumutsa, pakuti wa pamudzi uja achuluka msanga chifukwa cha zinyalala zathu zomwe.

Tsono chitani izi. Anapiye asungeni m'khola pamodzi ndi make kufikira atamera nthenga. Ngati khola mulibe, dengu lalikulu lovundikira ligwira ntchito. Matumbo a nkhuku ndi zotsala za nsima kwirirani m'dzenje. Mbuzi ikafa ndi matenda, ikwirireninso mozama, osaiponya kuseri kwa mudzi.