Za Pamsewu: Vaneti ya Makedzana ndi ya Lero

Mlimi amene wagulitsa bwino mbewu zake, nayamba kulingalira zogula vaneti, adzapeza kuti galimoto imene atate ake anali kuidziwa si imene iri pamsika lero.

Magalimoto okhala ndi bokosi la katundu kumbuyo anayamba kale. Kampani ya Ford ku America inatulutsa yake mu 1925. Koma amene anazolowereka m'misewu ya kuno kum'mawa anadza pambuyo pake: vaneti ya Peugeot 404 mu 1967, Toyota Hilux mu 1968, Datsun 1200 mu 1971, ndi Isuzu KB mu 1972.

M'kati mwa magalimoto amenewo munalibe zambiri. Mpando unali umodzi wautali, wokhalapo anthu atatu mothinana. Mazenera anali otsegula copukusa ndi dzanja, wailesi inali yogula padera, ndipo ciwongolero cinali colimba kotero kuti wocokera ku Lusaka anali kufika pa Nyimba mapewa atalema. Koma injini yake inali yomveka kwa aliyense. Ikazima m'mapiri a Manenekela, makanika wa pansi pa mtengo anali kutsuka kabuleta, kupala mapointi ndi mapulagi, anyamata n'kukankha, ulendo n'kupitirira. Nkosadabwitsa kuti Peugeot 504 inali kupangidwabe ku Kenya kufikira 2004, ndi Nissan 1400, mwana wa Datsun 1200, ku South Africa kufikira 2008.

Vaneti ya lero yabwera ndi zambiri zimene kale zinali za magalimoto a mabwana okha. Ciwongolero ncopepuka, muli makina oziziritsa mpweya, ndipo zina ziri ndi kamera yoonetsa kumbuyo. Zimenezi nzokometsera cabe. Zofunika kwenikweni ndi zoteteza moyo: lamba wodutsa pacifuwa ndi m'ciuno, amene kampani ya Volvo inayamba kuika m'magalimoto ake mu 1959, matumba a mpweya ofufuma pa ngozi, ndi mabuleki a ABS amene salola mawilo kuuma woyendetsa akaponda mwadzidzidzi. Pamenepa palibe coyamikira magalimoto akale. Komabe zonsezi zimateteza okhala kutsogolo okha. Amene akwera m'bokosi, monga zicitikira popita kumaliro kapena kumsika, akali pangozi monga mmene analiri mu 1970.

Cobvuta ciri pa injini. Ya dizilo ya makono imayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ikadwala pafunika makina opimira amene sapezeka m'mudzi, koma kumagaraji a m'tauni monga Chipata ndi Lusaka. Mafuta amapopedwa mwamphamvu kwambiri kupyola m'timabowo tating'ono, motero dizilo ya m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ikakhala ndi madzi kapena fumbi, imaononga mainjekita, ndipo mtengo wa amenewa umameza phindu la munda wonse.

Cina cimene mlimi ayenera kupenda ndi bokosi. Ambiri masiku ano akukonda ya zitseko zinai, yonyamula banja lonse. Mipando ya kumbuyo ija yadya malo a katundu: bokosi lake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, pamene la vaneti ya zitseko ziwiri limapyola mamita awiri. Kulemera kumene vaneti zambiri zimaloledwa kunyamula nakonso sikunasinthe kwenikweni, kukali pafupifupi tani imodzi. M'masiku a NAMBOARD, amenewo anali matumba 11 a makilogalamu 90; lero ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Ndipo tani imeneyo imawerengera ndi anthu omwe. Akulu asanu akakhala m'kati, alanda malo a matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, kotero kuti popita ku depo ya FRA m'bokosi muyenera kukhala matumba 13 kapena 14 basi. Opitirira pamenepo amathyola masipuling'i ndi kuphulitsa matayala.