Botolo la madzi ndi lotchipa kuposa bedi la m'chipatala

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo kuno ku Manja. Anyamata athu a kabaza, oitanira minibasi ndi ogulitsa malonda mumsika wa Limbe amatha tsiku lonse thukuta lili kamukamu, koma madzi osamwa. Ena amachita dala poopa kulipira chimbudzi. Abale ndi alongo, chizolowezi chimenechi chimabala miyala mu impso.

Impso zimasefa magazi. Madzi akachepa m'thupi, mkodzo umachepa n'kuderako, ndipo michere ya calcium ndi oxalate imaundana ngati mchenga mpaka kusanduka mwala. Mwalawo ukayamba kutsika, ululu umachokera m'nthiti chakumsana n'kufika m'chinena. Munthu amasanza, mkodzo n'kutuluka ndi magazi.

Tonsefe tingathe kupewa zimenezi. Timwe madzi pafupifupi malita 3 patsiku, makamaka nyengo yotentha, kufikira mkodzo utayera. Tikafinyiramo ndimu ndi bwino koposa, popeza madzi a mandimu amathandiza kuti michere ija isaundane. Bungwe la WHO limalangiza kuti mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, koma ife timathira wina mumphika, wina pambale, winanso pa tchipisi cha pachiwaya. Kanyenya ndi zakumwa zashuga tichepetse. Bonongwe ndi tiyi zili ndi oxalate wambiri, choncho amene anadwalapo asamadye mopyola muyeso. Koma tisasiye usipa, matemba ndi mkaka: calcium wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo asanafike ku impso.

Cholakwa chathu chachikulu n'kudzipima tokha. Tikaona magazi mumkodzo timangoti ndi likodzo, n'kugula mapiritsi pagolosale kapena kumwa zitsamba zosadziwika. Safunsa anadya phula. Brufen womwa tsiku ndi tsiku amawononga impso zomwezo. Mwala wosakwana mamilimita 5 kawirikawiri umatuluka wokha, koma waukulu ungatseke njira ya mkodzo n'kupha impso. Ululu ukadza ndi kutentha thupi, kapena mkodzo ukaleka kutuluka, tisadikire kuti kuche. Chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi, ndipo madokotala amaunika m'mimba ndi makina.

Sabata ino, aliyense atenge botolo la madzi potuluka m'nyumba, ndipo akumbutse mnzake wa pa siteji kuti amwe.